Utuchi wa m'kabowo ka thanki

Bambo atamwalira mu Julaye 2022, ndinanyamula makina awo ochekera mitengo tsiku lotsatira maliro, achibale asanakhale pansi kukambirana za katundu. Ndinawakulunga m'thumba la feteleza n'kukwera nawo kabaza. Ndi chainsaw yakale, Husqvarna 61, chogwirira chake chosalala ndi thukuta la zaka zambiri. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linali kumbali yanga, poti limaika mkazi ndi ana patsogolo. Koma amene ankatsagana ndi bambo kunkhalango, kuwasenzera chigubu cha mafuta ndi kunola mano a tcheni ndi tupa, anali msuweni wanga, mwana wa azakhali. Ine nthawi yonseyo ndinali kusukulu, kenako m'tauni.

Makinawo anagona kunsi kwa bedi langa miyezi 8, mafuta ali m'thanki. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsera bulugama pa khitchini ya mayi kwathu ku Mulanje, ndipo misewu itayamba kudutsika ndinabwerera nawo kumudzi. Nditakoka chingwe kambirimbiri analira. Anacheka bwino mphindi zitatu, kenako anayamba kutsamwa ngati nkhuku yachitopa, n'kuzima. Ndikadikira pang'ono n'kukokanso ankalira, mphindi zitatu zomwezo, kenako zii. Azakhali ankasenda chinangwa pakhonde. Osadzutsa n'komwe mutu anati, "Achimwene sakufuna. Makinawo sanachoke bwino pakhomo pano."

Sindinayankhe, koma mumtima ndinati ndikuonetsani kuti mzimu sulowa mu injini.

Injini ya makina oterewa ilibe posungira oyilo wake. Oyilo amalowa limodzi ndi petulo: mamililita 100 pa malita 5 ngati ndi oyilo wake weniweni, ngakhale bambo ankathira 200 chifukwa ankagula wamba. Choncho makina akamalandira mafuta ochepa amamanidwanso oyilo, ndipo ukaumirira pisitoni imakalika, ndalama zake zosayamba. Ndinamasula pulagi n'kuipeza yotuwa, chizindikiro cha njala yomweyo. Mafuta akale ndinakhuthula, akununkha ngati vanishi. Petulo wathu kuno amasakanizidwa ndi ethanol wa ku nzimbe kuyambira 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi n'kuumitsa labala akakhalitsa. Ndi kawaya kopinda ndinawedza kasefa kamene kamalendewera kunsonga kwa paipi m'thanki. Kanali katamatirira, paipiyo itang'aluka. Ndinasintha zonse ziwiri.

Kabuleta ndiye anandidyera masiku. Sali ngati wa njinga yamoto, amene ali ndi kambale kosungira mafuta, chifukwa chainsaw imayenera kugwira ntchito itagona chammbali kapena chadodolido. M'malo mwake muli timapepala tiwiri ta labala topyapyala. Kamodzi kamapopa mafuta potsata kupuma kwa injini, kachiwiri kamatsegula ndi kutseka kasingano kolowetsa mafutawo. Kachiwiriko kanali gwa, ngati tsamba la fodya louma. Ndinaitanitsa tatsopano ku Limbe, ndinatsuka kasefa ka m'kati kochepa kuposa chikhadabo, ndipo tizomangira tiwiri tolembedwa L ndi H ndinatitseka mosakakamiza n'kutibweza kamodzikamodzi. Makina analira mokoma, ndipo patatha mphindi zitatu anazimanso. Azakhali anangokhosomola.

Madzulo amenewo, nditatopa, ndinatsegula chitsekero cha thanki kuti ndione mafuta otsala, ndipo ndinamva fyuu, thanki ikumeza mpweya. Mafuta akamachoka m'thanki, mpweya umayenera kulowa m'malo mwake kudzera pa kabowo kakang'ono kopumira. Kabowoko kakatsekeka, pampu imakoka mpaka kulephera, monga mwana amene akuyamwa botolo losaboola. Kathu kanali katatsekeka ndi utuchi wosakanikirana ndi oyilo, wouma ngati phula. Nditakatsegula, m'mawa mwake bulugama yense anasanduka nkhuni.

Ndinapita kwa azakhali kachinyalalako kali pachikhatho. "Azakhali, vuto linali ili. Utuchi basi."

Anakayang'ana bwinobwino. "Ndamva, mwana wanga. Nanga zaka zonsezi achimwene akucheka, utuchi unalibe? Watsekera iwe bwanji?"

Funso limeneli ndi lakale. Mngelezi wina, E. E. Evans-Pritchard, anakhala pakati pa Aazande a ku Sudan n'kutulutsa buku la za ufiti wawo mu 1937. Anafotokoza za nkhokwe imene imagwera anthu ousa pamthunzi pake. Aazande ankadziwa bwino lomwe kuti chiswe ndicho chadya mizati. Chimene ankafuna kudziwa n'chakuti bwanji yagwa nthawi imene anthu awa, osati ena, anali pansi pake. Chiswe sichiyankha zimenezo. Azakhali nawo sanatsutse utuchi wanga. Ine ndinkafunsa kuti makina azima motani, iwo ankafunsa kuti azimira yani.

Funso lawolo ndimaliopa, ndipo ndili ndi chifukwa. Limakonda kusaka munthu. Likasowa mzimu wa malemu limagwera gogo wa kumapeto kwa mudzi, ndipo m'dziko muno okalamba aphedwapo chifukwa cha mphenzi imene sanailenge, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Masabata a Freddy omwewo anthu ankanong'ona za matope amene anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe: bwanji nyumba iyi, inayo n'kutsala? Mu Luka 13 Yesu anakumana ndi maganizo omwewa pa nkhani ya nsanja ya Siloamu imene inapha anthu 18, ndipo anakana kuti ophedwawo anali ochimwa kuposa anzawo. Pamenepo ndimaima naye osagwedezeka. Koma kale ndinkawerenga n'kulekera pomwepo, pamene iye sanalekere pomwepo. Atachotsa mlandu pa akufawo anatembenuzira funso kwa ofunsawo, kuti aliyense adziyang'ane yekha. Funsolo sanalitaye, anangoliletsa kuloza mnzako.

Yankho la azakhali ndinali nalo, ndipo linali la umakaniko weniweni. Makina amene akugwira ntchito tsiku ndi tsiku amapukutidwa, mafuta ake amakhala atsopano, litsiro silipeza mpata wouma. Awa anauma chifukwa anagona miyezi 8. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, n'kuona kumene yankholo likupita. Anagona chifukwa anali kunsi kwa bedi la munthu wosacheka mitengo. Anafika kumeneko chifukwa munthuyo anawazembetsa m'thumba la feteleza, pamene amene akanawaliza mlungu womwewo anatsala manja ali m'thumba, akupita kukagwira ganyu yopalira tiyi. Ndinali nditatsata paipi kuchokera ku kabuleta mpaka ku thanki osadumpha kanthu, ndipo paipiyo inapitirira mpaka pakhomo panga.

Mpaka lero sindikhulupirira kuti bambo anatsika kumanda kudzamata kabowo ndi utuchi. Anali munthu wosakonda kuononga chitsulo ngakhale atakwiya. Komanso sindinganenenso kuti azakhali analakwitsa, poti zimene ananena tsiku loyamba lija, kuti makinawo sanachoke bwino, zinali zoona ndisanamasule n'komwe pulagi. Ndikanapeza utuchiwo tsiku lomwelo, ndikanabwerera nawo makina m'tauni ndili wokondwa, ndipo msuweni akanakhala akupalirabe tiyi.

Loweruka ndinawanyamula paphewa, opanda thumba, kudutsa pakati pa mudzi. Msuweni ndinamupeza akusoka nsapato. Anawalandira, n'kuwatembenuza, n'kuyendetsa chala pa mano a tcheni.

"Asuweni, mwanola ndi chiyani apa, mwala wa pamtsinje?"

Kenako anatsegula chitsekero cha thanki khutu ali nalo pafupi, monga ankachitira bambo, ndipo sipanamveke kanthu. Anatseka n'kutuma mwana kuti akatenge tupa m'nyumba.