Wochiritsa ndani, tsamba, siliva kapena Mulungu?

Ku Dwangwa, kuseri kwa minda ya nzimbe ya Illovo, agogo amawiritsa masamba a nimu mdzukulu akatentha thupi. Mu 2004, asayansi a ku Pune, m'dziko la India, anasakaniza madzi a masamba omwewo ndi siliva wosungunuka. Zomwe zili m'tsamba zinaumba siliva uja kukhala timibulu tosaoneka ndi maso. Timibulu totere timaboola khungu la mabakiteriya, n'kuwapha.

Ndiye wochiritsa ndani?

Kutchalitchi ndi kumzikiti amati ndi Mulungu, mwini mtengo ndi mwala. Wasayansi sanalenge nimu kapena siliva. Anangozikumanitsa, ndipo mlandu wa kukumanitsako ndi wake. Timibuluti tikachuluka m'madzi timaphanso nsomba, pomwe mtsinje wa Dwangwa umathira m'nyanja momwe asodzi amakokamo usipa.