Kukhululukira Munthu Wosalakwa

Munthu akamangidwa popanda mlandu, kodi pomutulutsa tiziti tamukhululukira? Funsoli limandikumbutsa John Peter Altgeld, bwanamkubwa wa chigawo cha Illinois ku America kuyambira 1893 mpaka 1897.

Pa 4 Meyi 1886, bomba linaphulika pamsonkhano wa anthu apantchito ku Haymarket, mumzinda wa Chicago. Apolisi 7 anafa. Woponya bombalo sanapezeke, komabe khoti linagamula kuti anthu 8 ndi olakwa. Anayi ananyongedwa mu 1887, mmodzi anadzipha m'ndende, atatu anatsala akugwira ukaidi. Tchuthi chathu cha pa 1 Meyi chija mizu yake ili komweko.

Altgeld atalowa pampando, anthu ambiri anamupempha kuti awachitire chifundo atatuwo. Njira yophweka inalipo: kusaina mwakachetechete, kunena kuti avutika mokwanira, basi. Iye sanatero. Mu Juni 1893 anawatulutsa, n'kulemba poyera kuti mlanduwo sunazengedwe mwachilungamo, ndipo woweruza Joseph Gary anakondera. Nyuzipepala zinamunyoza koopsa. Chaka chotsatira anakangananso ndi Pulezidenti Grover Cleveland, yemwe anatumiza asilikali kukathetsa sitalaka ya Pullman. Mu 1896 anagwa pachisankho.

Wina anganene kuti apa mkuluyu anaphonya. Paja ndi yemweyu anasaina lamulo loletsa kulemba ntchito ana aang'ono m'mafakitale, n'kuika Florence Kelley kuti aziyendera mafakitalewo. Akanalankhula mofatsa, mwina akanakhalitsa pampando n'kuteteza ana ambiri. Mfundo imeneyi sindikuipeputsa ayi.

Koma taonani zomwe mawu oti chifundo amabisa. Ukati “ndakukhululukira”, ndiye kuti ukunenabe kuti mnzakoyo analakwa, wabwino ndiwe. Akaidiwo akanatuluka ali ndi dzina la zigawenga, khoti likanakhala loyera, ndipo anayi onyongedwa aja akanaoneka ngati anafera zawo. Chifundo chotere n'chokoma kwa wochipereka chifukwa sichimulanda kanthu. Chilungamo ndiye chimafuna kuti boma linene lokha kuti linalakwitsa, ndipo wonenayo amalipira.

Ine ndiye ndili kumbali ya Altgeld. Akuluakulu amati mutu ukakula sulewa nkhonya. Mtsogoleri amene akusunga mpando kuti adzachite zabwino mawa amazolowera kusunga mpandowo, mawa lakelo osafika. Ndiye mukamva wamkulu wina akuti wakhululukira munthu, muzifunsa kaye: kodi analakwa ndani?