Maluwa Alibe Nkhokwe

Pa zonse zimene munthu amadzala pakhomo, maluwa okha ndiwo alibe nkhokwe. Chimanga timatutira m'nkhokwe, mtedza timathira m'matumba, chibwabwa ndi khwanya timafutsa kuti tidzapeze ndiwo m'chilimwe. Koma duwa likamasula lero, sabata yamawa lafota. Sungalibise kuti udzalione wekha chaka chamawa. N'chifukwa chake ndimaona kuti wodzala maluwa, ngakhale asanene, amakhala akuyembekezera anthu.

Kuno ku Mkaika, ku Zambia, zimenezi zimaoneka bwino mu Ogasiti. Mvula imakhala italeka kalekale mu Epulo, udzu wauma, matchire apsa, mphepo ikungoulutsa fumbi. Koma kuyambira pamene mwambo wa Kulamba unayambiranso mu 1984, Ogasiti yemweyu ndiye mwezi wa alendo. Mafumu a Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi Loweruka lomaliza la mweziwo, ndipo pambuyo pawo pamabwera chinamtindi cha anthu: ena kuchokera ku Chipata ndi Vubwi, ena ku Sinda, ena kudzera pa malire a Chanida. M'midzi yozungulira, mphasa zimachepa. Mlendo wotopa ndi ulendo, asanalandire n'komwe madzi akumwa, chimene amayamba kuona ndi bwalo losesedwa ndi chilichonse chimene chakana kuuma pamenepo.

Chimene chimakana kuuma kwambiri ndi bougainvillea. Mtengo waminga umenewu uli ndi khalidwe lodabwitsa: ukauthirira tsiku ndi tsiku umangochulukitsa masamba obiriwira, koma ukamva ludzu ndi pamene umavala zofiira, zofiirira kapena zoyera. Ndipo zimene timati maluwa akezo ndi masamba ndithu. Duwa lenileni ndi kakang'ono koyera kobisala pakati. Kutchire nako muwale umachita chimodzimodzi, kutulutsa maluwa ofiira psuu pa nthambi zopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Poinsettia amakhala atafiira kale m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, pamene usiku watalika. Jacaranda amadikira kutentha kwa Seputembala ndi Okutobala, frangipani naye amaima wosavala mpaka dzuwa litakula. Amene amadziwa kalondolondo ameneyu sasowa chosangalatsa maso pakhomo chaka chonse, ngakhale alibe mpopi.

Komabe madzi amafunika, makamaka kwa timitengo tanthete, ndipo apa ndi pamene pamakhala funso limene sindilipeputsa: "Kodi maluwa amadyedwa?" Wofunsayo ali ndi mfundo. Madzi a kudimba amabweza repu, matimati ndi anyezi, amalipira fizi. Madzi a pamjigo amabwera pamutu pa munthu. Mu 2024, pamene mvula inadula pakati ndipo Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu Febuluwale kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, funsoli linalemera koposa. Koma ukayang'anitsitsa, maluwa a pamudzi salanda madzi a munthu. Amamwa otsala: otsukira mbale, otsukira mbatata, osamba m'manja alendo akatha kudya. Mayi akatuluka ndi beseni, m'malo mongokhuthula pabwalo amayenda mapazi ochepa n'kukathira patsinde. M'mapazi ochepawo ndimaonamo munthu amene, ngakhale zinthu zathina, wakana kuti moyo wake ukhale wa m'mimba mokha.

Chinanso chimene ndimasinkhasinkha ndi mmene maluwawa amafikira pakhomo. Ndi ochepa amene anagulidwa. Ambiri anachita kupemphedwa.

"Alamu, kamtengo aka kandikongolera. Mungandithyolereko?"

"Ah, tengani alamu, koma musakadzale lero. Kakayambe kauma pabalapo."

Mawu achiwiriwo ndi mphatso yoposa nthambiyo. Frangipani ukangomudula amatuluka utomoni woyera, ndipo ukamukwirira pomwepo m'dothi lonyowa amaola. Amafuna kugonekedwa pamthunzi masiku angapo kuti bala liume. Bougainvillea amafuna nthambi yokhwima pang'ono, osati nsonga yanthete. Hibiscus amagwira msanga mvula ikayamba. Canna sumudula, umakumba n'kugawa zitsa zake. Marigold umangopukusa duwa louma m'kapepala. Wopatsa amanenanso za phulusa lothira patsinde poopa chiswe, za manyowa a m'khola owolerana bwino, za timinga totchingira mbuzi. Nzeru zonsezi sizinalembedwe penapake pamudzi. Zimayenda ndi nthambi kuchoka m'dzanja ili kupita m'dzanja ilo.

Kupatsa kwa mtundu umenewu kuli ngati kupalitsa moto: wopala amapita ndi khala lake, koma pamafuwa pa mwini motowo umayakabe. Ndiponso akuluakulu sananame kuti kupatsa n'kuika. Chaka chimene chiswe kapena mbuzi zidzakuthere mtengo wako, udzapita kwa yemwe unampatsa uja n'kukaupeza uli wamkulu kuposa wako. Amene amamana, mtundu wa duwa lake umafera m'manja mwake.

N'chifukwa chake kuyenda ndi mwini bwalo pakati pa maluwa ake kumatenga nthawi. Sakuuza mayina a m'mabuku. Amati, "Ili ndi la aNaphiri a kutsidya, ili ndinabwera nalo kuchokera kwa apongozi, ilo anasiya malemu amayi." Wina wopita ku chitengwa anamanga kanthambi m'chitenje kuti kwa eni akakhale ndi chinthu chimodzi chakwawo. Wina anabwera ku Kulamba kuchokera ku Dedza kapena ku Angónia, anagona masiku awiri, n'kusiya mbewu imene anabwera nayo m'thumba la malaya. Mlendo ndi mame, timatero, koma pabwalo la maluwa mlendo amasiya chizindikiro chimene chimakula iye atapita.

Ngakhale mitengo yeniyeniyo inabwera ngati alendo. Bougainvillea ndi jacaranda kwawo ndi ku South America, poinsettia ku Mexico, frangipani ku Central America. Inaoloka nyanja, inayamba kuoneka m'mamishoni, m'masukulu, m'zipatala ndi pa maofesi a boma, kenako inatulukira kumpanda kudzera m'manja mwa ogwira ntchito ndi odutsa. Lero palibe amene amaiyesa yachilendo. Njuchi ndi agulugufe sizifunsa kumene inachokera.

Pali tsiku limodzi limene mwini maluwa safunsidwa kawiri. Pakagwa maliro pamudzi, amayi amayenda khomo ndi khomo ndi malichero, kuthyola maluwa oti aluke nkhata. Mtengo umene dzulo unali wodzaza umatsala mbee. Sindinamvepo munthu akudandaula. Maluwa omwewo amene anakongoletsa guwa la kutchalitchi Lamlungu, amene akwati anajambulitsirapo zithunzi, amapita kukagona pamtumbira wa munthu amene mwina ndiye anapereka nthambi yake. Apa ndi pamene ndimamvetsa kuti bwalo la maluwa lili ndi wolisamalira koma lilibe mwini mmodzi. Ndipo bougainvillea, poti amamasula pa mphukira zatsopano, akathyoledwa chotero amabweranso ndi mphamvu.

Sindikunena kuti maluwa amathetsa njala, kapena kuti wopanda duwa pakhomo alibe mtima wolandira alendo. Alendo amalandiridwa ndi nsima, ndi mpando, ndi nkhope. Koma nsima imaphikidwira anthu amene tawadziwa kuti afika. Duwa limadzalidwa miyezi yambiri mlendo asanaganize n'komwe zonyamuka, ndipo limakondweretsa ngakhale amene sadzapatuka: mwana wa sukulu, wokankha njinga ya makala, mayi wopita ku sikelo. Ndi ulemu woperekedwa pasadakhale kwa munthu amene sukumudziwa dzina.

Choncho mvula ikagwa mu Novembala, dothi litafewa, funso langa silikhala lakuti ndidzale duwa lanji, koma ndilidzale pati. Kuseri kwa nyumba n'kotetezeka: mbuzi sizifikako kawirikawiri, ana sathyola, opempha sakuona. Koma ine ndimasankha cha kunjira, podziwa kuti lidzathyoledwa, lidzapemphedwa, ndipo zaka zikubwerazi ndidzakumana nalo pamakomo a anthu amene sadziwa n'komwe kuti linachokera kwa ine.