Kodi Maikulosikopu Imatulutsa Mulungu M'kalasi?

Ophunzira ena a ku yunivesite akamayamba phunziro la tizilombo tosaoneka ndi maso amaopa kuti chikhulupiriro chawo chigwedezeka. Ine ndikuti mantha amenewa alibe maziko. Antonie van Leeuwenhoek wa ku Delft, amene anaona mabakiteriya m'zaka za m'ma 1670, ankatamanda Mlengi chifukwa cha zimene magalasi ake anamuonetsa. Robert Koch atalengeza mu 1882 kuti chifuwa chachikulu chimayamba ndi kachilombo, chimene chinafooka ndi ganizo lakuti matendawa ndi akumtundu, ganizo lomwe linkachititsa manyazi mabanja athunthu. Labotale imagwetsa mabodza okhudza chilengedwe, ndipo palibe chipembedzo choona chimene chimafuna bodza kuti chiime.

Wina anganene kuti kachilombo kakafotokoza matenda, pemphero latha ntchito. Komatu kachilombo kamangotiuza njira imene matenda adzera. Sikatiuza chifukwa chake wodwala wosauka ayenera kusamalidwa mofanana ndi wolemera, ndipo funso limenelo limayankhidwa ndi chikumbumtima. Winanso anganene kuti matenda ndi chifuniro cha Mulungu, choncho kuwafufuza ndi kudzikuza. Koma John Snow atasonyeza mu 1854 kuti kolera ku London inkafala kudzera m'madzi a pampu ya ku Broad Street, kukhala chete kukanakhala tchimo. Kudziwa kumakulitsa udindo. Choncho mphunzitsi aziphunzitsa wophunzira kuona kachilombo molondola, kenako amufunse chimene adzachitire anthu amene akumwa madzi oipa.