Kodi Mtima Wosweka Tipite Nawo kwa Yani?

Pa malire athu a Mwanza pamadutsa anthu osenza zambiri zoposa katundu. M'chaka cha 2015 mabasi anadutsitsa pano abale athu amene anathawa zipolowe ku South Africa. M'chaka cha 2016 anthu othawa nkhondo m'chigawo cha Tete anaunjikana pa Kapise, kufikira anawasamutsira ku Luwani. Munthu wotere akhoza kufika thupi liri lopanda bala, koma usiku saona tulo, ndipo chitseko chikamenyetseka amanjenjemera. Kodi timuyitanire akulu a mpingo, kapena tipite naye kwa dotolo wa maganizo?

Funsoli limatisautsa chifukwa chakuti timamugawa munthu pakati: mzimu ukhale wa abusa, thupi la adotolo. Werengani Genesis 2:7. Dothi ndi mpweya wa Mulungu zitakumana, panakhala munthu mmodzi wamoyo. Chovulaza maganizo chimafooketsa thupi, ndipo chimalemeretsa ngakhale pemphero. Ellen G. White anaphunzitsa zomwezi m'buku la The Ministry of Healing la m'chaka cha 1905.

Werengani 1 Mafumu 19:1-18. Eliya, pothawa Yezebeli, anapempha imfa. Mulungu sanayambe ndi chidzudzulo. Anamlola kugona, namdyetsa kawiri, namfunsa, namvetsera dandaulo lake. Pambuyo pake anakonza ganizo lake lolakwika lakuti watsala yekha, pomuuza za anthu 7,000 osagwadira Baala, nampatsa ntchito ndi mnzake, Elisa. Aphungu a lero akamalangiza za tulo, chakudya, kuulula za kukhosi ndi kusadzipatula, akuyenda m'njira imene Mlengi analambula kale.

Komabe nzeru za anthu ziri ndi malire ake. Zikhoza kufotokoza mmene mantha amagwirira munthu. Sizingathe kukhululukira tchimo. Mu Salmo 32 Davide anapeza mpumulo ataulula kwa Mulungu. Ifenso tiri ndi malire athu. Tikauza wodwala kuti ataye mankhwala a ku Zomba Mental Hospital poonetsa chikhulupiriro, kapena tikamutcha wa ziwanda tisanamve nkhani yake, tikuseweretsa moyo umene Khristu anaufera.

Chotero tipemphere naye mbaleyo, ndipo timuperekeze ku chipatala. Zonse ziwiri ndi ntchito ya chikondi chimodzi.

Lingalirani: Ndani mu mpingo mwanu amene wasiya kubwera mwakachetechete? Kodi mwafunsa chimene chikumudya?