Ndani alipire kuti kambuku wa ku Sumatra asathe?

Pa chilumba cha Sumatra, m'dziko la Indonesia, pali kambuku wosiyana ndi wamawangamawanga amene amadziwika kuno. Uyu ndi wamizeremizere yakuda pa ubweya wofiirira, ndipo mwa akambuku onse amizere a ku Asia ndiye wochepa thupi: wamwamuna amalemera makilogalamu 100 mpaka 140. Akatswiri akuti m'nkhalango mwatsala osapitirira 600. Abale ake a pa zilumba zoyandikana anatha kale. Womaliza wodziwika wa ku Bali anawomberedwa mu 1937, ndipo wa ku Java anazimiririka cha m'ma 1970.

Nyamayi sichulukana msanga. Yaikazi imakhala ndi bere miyezi itatu ndi theka, n'kubereka ana awiri kapena atatu, ndipo imawalera pafupifupi zaka ziwiri isanaberekenso. Choncho msampha umodzi wa waya ukakola yaikazi yoyamwitsa, wapha banja lonse. Kawirikawiri wotchera msamphayo safuna n'komwe kambuku. Amafuna nguluwe zimene zikumuthera mbewu m'munda. Alipo ena otchera dala, chifukwa chikopa, mano ndi mafupa zili ndi ogula mobisa.

Tsono funso n'lakuti: kodi munthu ali ndi udindo wosunga cholengedwa chimene sichimupatsa mkaka, sichimulimira, koma chingathe kumudyera mbuzi, mwinanso kumupha iye amene? Yankho lachangu limati kambuku ngwothandiza, chifukwa amachepetsa nguluwe ndi agwape, ndipo nkhalango imene iye akukhalamo imasunga mitsinje. N'zoona, koma yankholi lili ndi mphako. Ngati chinthu chisungidwa chifukwa cha phindu lokha, ndiye kuti tsiku limene phindulo lidzapezeke mwa njira ina, chitha kutayidwa popanda mlandu. Papa Francis, m'kalata yake ya mu 2015 ya Laudato Si', anakana kaganizidwe kameneka, naphunzitsa kuti cholengedwa chilichonse chili ndi ulemu wake pamaso pa Mulungu, kaya munthu apindule nacho kaya ayi. Mu 2014 bungwe la atsogoleri achisilamu ku Indonesia, Majelis Ulama Indonesia, linali litalengeza kale kuti kupha ndi kugulitsa nyama zimene zili pafupi kutha n'koletsedwa. Anthu a Chiminangkabau a ku Sumatra komweko sanadikire kalata ya aliyense: kuyambira kale kambukuyu amamutchula kuti inyiak, dzina laulemu loitanira agogo.

Komabe kukonda kambuku uli kutali n'kosavuta. Wokhala m'tauni amamuona pa kanema, n'kusirira mizere. Mlimi wa m'mphepete mwa nkhalango ya Kerinci Seblat amamuonera pa mapazi amene wasiya kuseri kwa khola m'mawa. Mbuzi imodzi ikagwidwa, kwa iye ndi fizi ya mwana yapita. Kumuuza munthu wotere za ulemu wa zolengedwa, kenaka n'kumusiya yekha ndi khola lopanda kanthu, ndi kulalikira ndi thumba la mnzako.

Ndipo si mlimiyo amene anathamangitsa kambuku kwawo. Nkhalango zambiri za ku Sumatra zinagwetsedwa kuti pakhale minda ikuluikulu ya kanjedza wa mafuta ndi mitengo yopangira mapepala. Indonesia ndi dziko limene limatulutsa mafuta a kanjedza ochuluka kuposa lina lililonse, ndipo mafutawa amathera mu sopo, majarini ndi mabisiketi ogulitsidwa m'mayiko ambirimbiri. Phindu limakwera sitima kupita kutali. Kambuku wosowa kosaka amatsala, n'kutsikira kumudzi. Amene anadya ndi ena, amene akukumana ndi chilombo usiku ndi ena. Apa nkhani yasiya kukhala ya munthu ndi nyama, yasanduka ya munthu ndi munthu mnzake.

Ndiye kusankha pakati pa kambuku ndi mlimi n'kufunsa funso molakwika, pakuti onse awiri apanikizidwa ndi dzanja limodzi. Ngati kambuku ali woyenera kukhalapo, ndipo ndi woyeneradi, mtengo womusungira uyenera kugwera poyamba amene anapindula ndi kugwa kwa nkhalango, osati wosauka amene wangopezeka kuti munda wake uli m'malire.

Zina zikuchitika. Ku Kerinci Seblat alonda amayenda masiku angapo m'mapiri akuchotsa misampha umodziumodzi. M'midzi ina mabungwe osamalira nyama athandiza alimi kumanga makola olimba, otchingidwa ndi waya waminga, oti kambuku sangalowe. Ndi ntchito yosaoneka bwino pa zithunzi: mitengo, misomali, waya. Koma mlimi amene mbuzi zake zagona bwino alibe chifukwa chopita kuthengo ndi msampha m'mawa mwake.