Kodi Wosunga Makobidi Wapindulanji?



M'nyumba zambiri kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi muli chitini kapena botolo lomwe timaponyamo chenje ya tsiku ndi tsiku: K10 yotsala kuchigayo, K5 yobwerera kogula mchere. Chitini chikadzaza, mwini wake amakhuthulira pamphasa, nkusanja ndalamazo mtundu ndi mtundu, kenaka nkunyamula thumba lolemera kukasintha kubanki ku Mponela kapena kuboma. Kumeneko makobidi 1,000 a K10 amasanduka mapepala awiri okha a K5,000. Funso lathu lero ndi ili: kodi munthu ameneyu wachita mwanzeru, kapena wadzimana pachabe?

Tiyambe ndi masamu. Kumayambiriro kwa 2012 dola imodzi ya ku America inali pa K168 kubanki, kotero K10,000 inali pafupifupi madola 60. M'mwezi wa Meyi chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa, dola nkufika pa K250. Inagwetsedwanso ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe dola inafika pa K1,700. K10,000 yomwe ija sikwananso madola 6. Chitini sichinatsegulidwe, mbala sinalowe m'nyumba, koma pa magawo khumi a mphamvu ya ndalamazo, asanu ndi anayi apita. Chimanga chikamafumbwa m'nkhokwe timaona ufa pansi ndipo timachitapo kanthu. Ndalama zimafumbwa mwakachetechete.

Zili chonchi chifukwa ndalama ndi lonjezo. Kobidi sitingalidye kapena kulifunda. Timalilandira pokhulupirira kuti mawa mnzathu adzalilandiranso nkutipatsa sopo kapena mafuta. Pomwe kwacha ndi tambala zinkalowa m'malo mwa paundi mu 1971, tambala imodzi inali ndi chogula. Lero ana athu ambiri amadziwa tambala wolira m'mawa yekha. Lonjezo likakhala nthawi yaitali osakwaniritsidwa, limachepa mphamvu.

Kodi tinene tsono kuti wosunga uja ndi wopusa? Ayi. M'chitini muja munkakula zinthu ziwiri. China ndi ndalama, ndipo taona momwe zathera. China ndi khalidwe. Tsiku lililonse lomwe munthu waponya K10 m'chitini m'malo mogula chomwe maso akhumbira, waphunzitsa mtima wake kudziletsa ndi kuganizira za mawa. Makolo athu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Mwana amene wakula akuona amayi ake akuchita zimenezi walandira cholowa chomwe kugwa kwa kwacha sikungachikhudze. Phindu limeneli ndi lenileni, ndipo tisamaseke aliyense wolipeza.

Komabe kudziletsa kopanda cholinga kumatha kusanduka umbombo mwini wake osazindikira. Ndipo chitini chathu chimakhudza anthu ena. Kobidi lililonse lomwe lagona pansi pa bedi lasowa pamsika. Chenje ikasowa, wa golosale amatibwezera switi, kapena mtengo wa chinthu umangokwezedwa kuti ufike pa ndalama ya pepala. Amene zimamupweteka kwambiri ndi wosauka, yemwe amagula zinthu pang'onopang'ono. Choncho zomwe timayesa nkhani ya m'nyumba mwathu mokha zili ndi mbali ya chilungamo kwa anansi athu.

Pali mwambi wina woti kupatsa nkuika. Makolo ankadziwa kuti mbale ya ufa yomwe wapatsa mnzako pa njala yasungika bwino kuposa yomwe wabisa. Nzeru imeneyi timaionanso m'magulu a banki mkhonde omwe ali m'midzi yathu yambiri. Ndalama zochepa za anthu makumi awiri zikasonkhana, wina amabwereka nkugula mbewu ya soya, wina nkukapikula tomato, ndipo pogawana kumapeto kwa chaka aliyense amalandira zake ndi kena pamwamba. Ndalamazo zayenda, zatumikira, nkubwerera. Koma tikudziwanso magulu omwe anatha chifukwa wina anabwereka osabweza, kapena chiwongoladzanja chinakula mpaka anthu kulandana ziwiya. Chitini chimangofuna kudziletsa kwa munthu mmodzi. Gulu limafuna kukhulupirika kwa onse, ndiponso kukambirana momasuka zinthu zisanafike poipa.

Tiganizirenso tsiku losintha lija. Makobidi a K1, K5 ndi K10 ndi ndalama zovomerezeka zochokera ku Banki Yaikulu ya Reserve. Agogo akafika ndi thumba lawo, wolandira ali ndi mwayi wosankha: kukwinya nkhope chifukwa kuwerenga kutenga nthawi, kapena kuwapatsa mpando nkuwerenga nawo modekha. M'thumbamo muli thukuta la miyezi yambiri, ndipo kulikana ndi kunyoza mwini thukutalo. Nafenso obweretsa tili ndi udindo: kusanja bwino ndalamazo, kuziwerenga moona, ndi kuganizira anthu omwe aima pambuyo pathu pamzere. Enafe tili ndi maokala ndipo chenje timaisowa. Tikamasintha makobidi a mnansi wathu pamudzi pomwepo, osadulapo kanthu, tamupulumutsa ku mtengo wa kabaza wotsika phiri, womwe ukanadya gawo la zomwe wasunga.

Yankho lathu tsono ndi lakuti wosunga wapindula, koma phindu lake limakwanira pamene chitini chili ndi cholinga ndi tsiku lotsegulira. Tilembepo kuti izi ndi za makope a mwana mu Seputembala, kapena za mbewu mvula isanagwe, kapena za kuona odwala. Tsikulo likafika, titsegule, ndalamazo zikagwire ntchito yake zikadali ndi mphamvu.

Mafunso oti tikambirane:

1. Kodi kusunga mwanzeru kumasiyana pati ndi umbombo? Tingazindikire bwanji mumtima mwathu kuti tadutsa malire?
2. Ndi makhalidwe ati omwe amalimbitsa gulu losunga ndalama pamodzi, ndipo ana athu tingawaphunzitse motani?
3. Munthu wachikulire m'mudzi mwathu akakhala ndi makobidi ochuluka, ife monga gulu tingamutumikire bwanji sabata ino?